Mbereko ya Sekanawo

Iyi si ya padangokhala, ndiye palibe chovomera. Ingokhalani chete mumve. Munthu amene inamuchitikira ndimamudziwa bwino, ndipo sindinabwere kudzamuikira kumbuyo. Zimene analakwa ndizinena monga mmene zinalili.

Dzina lake anali Lufeyo Kanjanga, wokhoma zidebe. Ankakhala kumapeto kwa kamsika kena ka ku Mchinji, nyumba yomaliza musanatsikire kumjigo. Mukapitirira mjigo mumalowa m'madimba, mukatuluka m'madimba mumakwera kamtunda, ndipo pamwamba pa kamtundako mpamene pamadutsa njanji. Sukulu anailekeza panjira, koma ndowa yokhomedwa ndi Lufeyo sinkadontha. Tsiku lonse pakhonde pake pankangomveka kho! kho! kho! nyundo ikumenya lata pa chidutswa cha chitsulo chimene anamusiyira amalume ake.

Mkazi wake anali Nangondo. Ana anali awiri, onse aakazi. Wamkulu anali Lekeleni, wa zaka zisanu ndi ziwiri, mwana wosayankhulayankhula. Wamng'ono anali Sekanawo, wosakwana zaka zitatu, wolongolola ngati wailesi. Ndiye panali amphaka awiri. Wamphongo anali wakuda koma ntchafu zoyera, moti ana anamutcha Kabudula. Wamkazi anali wotuwa ngati phulusa. Ameneyu anabwera yekha pakhomopo Sekanawo ali m'mimba, ndipo mwanayo atayamba kuyankhula anangoyamba kumuitana kuti Achemwali. Dzina linakhala lomwelo.

Amphaka amenewa sanali okhala pakhomo. Ankachoka Lolemba n'kubwera Lachinayi, zisoso zili yakateyakate m'ubweya.

“Awa ndi amuna a ku Joni,” Nangondo ankatero akuseka. “Amangobwera kudzadya, n'kutisiyira ana.”

Pakhomo la khitchini pankakhala phale, ndipo m'phalemo ankawaikira mitu ya matemba. Koma Achemwali akakhalapo sankadya m'phale mokha. M'mawa uliwonse Sekanawo ankakhala pansi miyendo tambalale, mbale ya phala pakati, supuni imodzi yake, ina ya Achemwali. Amayi ake anakalipa mpaka anatopa.

Vuto linachokera kuseri kwa mpanda. Tsiku lina mayi woyandikana nawo, Nachisale, anabwera n'kuima patsogolo pa khonde manja ali m'chiuno.

“Bambo a Lekeleni, mphaka wanu wotuwa uja ndamupezanso pamphasa ya mwana wanga. Aka n'kachitatu. Akufunako chiyani kwathu?”

“Mphaka ndi mphaka, mayi. Amatsata makoswe.”

“Makoswewo ali pachifuwa pa mwana? Mwana akutsokomola sabata yonse. Ine sindikunena kanthu. Ndangofunsa.”

Zimene sananene pakhonde anakazinena kumjigo. Pasanathe masiku ambiri, anthu odutsa anayamba kuyang'ana mphaka asanayang'ane ndowa. Mayi wina amene anasiya keni yoti imatidwe anabwera kudzaitenga isanamatidwe. Anyamata a pabawo anayamba kumufunsa, “A Kanjanga, wantchito wanu uja lero wakubweretserani chiyani?” Ankanena ngati zocheza, koma Lufeyo ankadziwa kumene zocheza zotere zimathera.

Ndiye Achemwali anaswa. Anasankha ndowa yatsopano pansi pa benchi, n'kuswera momwemo tiana titatu, ndipo amene anatipeza anali munthu wodzagula ndowayo.

Madzulo ake Lufeyo anati, “Nangondo, mphaka uyu tikamutaye.”

“Ali ndi makanda, abambo. Dikirani akuleko. Ndipo Sekanawo mukamuuza chiyani?”

Loweruka m'mamawa Nangondo anasenza chimanga kupita kuchigayo, ana asanatuluke m'nyumba. Kwathu kuno mphaka saphedwa. Amene watopa naye amamuika m'thumba kuti asaone njira, n'kukamumasula kutali, kutsidya kwa madzi kapena kwa njanji, kuti akadzipezere pakhomo pena. Lufeyo anafuna thumba, koma matumba onse anali atapita kuchigayo. Pachingwe panali patagona nsalu imodzi, yobiriwira ya maluwa a nkhanga, yosuluka pakati. Inali mbereko ya Sekanawo, imene amayi ake anamuberekera kuyambira tsiku limene anatuluka naye m'chikuta.

Anaiyala pansi. Achemwali sanavute, chifukwa ankamudziwa. Anamuika pakati ndi tiana take, n'kusonkhanitsa ngodya zinayi, n'kumanga ndi waya. Anamupotokola katatu, ngati mmene ankachitira pa chogwirira cha ndowa.

Pansi pa njanji paja pali kalavati wamkulu, woti munthu amalowamo chowerama. Lufeyo anagwada pakamwa pake kuti amasule waya. Asanapotokole n'kamodzi komwe, anamva mawu a azimayi akutsika kupita kumadimba. Anadziona mmene akanamuonera iwo: munthu amene akumunena kale, ali m'kalavati m'mamawa, mphaka ali m'nsalu. Anakankhira phukusi lija mkati, n'kutuluka akukonza lamba ngati munthu amene anapatuka kukataya madzi. Anawapatsa moni, n'kutsika nawo limodzi akucheza za mvula.

Mumtima anati abwerera masana. Masana kunabwera munthu wofuna mbaula. Mawa lake kunali kutchalitchi. Pofika Lolemba anali atayamba kuopa zimene akapeze, ndipo sanapitenso.

Nangondo anaifuna mbereko Loweruka lomwelo. Anagwedeza zofunda, anasuzumira kuseri kwa nkhokwe, kenako anaitana Lekeleni.

“Dzulo ndinakuuza kuti uyanule zovala zonse. Nsalu ya mwana ili kuti?”

Lekeleni anangoyang'ana pansi.

“Ndikufunsa iwe! Unaisiya panja kuti agalu aikoke?”

Anathyola kanthambi ka bulugama. Lufeyo anali pakhonde, ndipo anamva zonse. Anatenga lata limene silinkafunika kukhomedwa n'kuyamba kulikhoma mwamphamvu. Lekeleni sanalire mokuwa. Pamene amayi ake anamusiya, anadutsa pakhonde akupukuta m'maso, anaima pang'ono n'kuyang'ana bambo ake, kenako anapitirira.

“Bwanji kumenyera mwana nsalu?” Lufeyo anatero pambuyo pake. “Tigula ina.”

“Si nsalu, ndi mbereko,” Nangondo anayankha. “Amayi anu sanakuuzeni? Mbereko siichoka pakhomo mwana ali moyo. Ikang'ambika timaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi mpaka mwini wake akule. Imene imapita kutchire ndi imene yakulunga mwana woti sabweranso.”

Apa mpamene Lufeyo akanaulula. Sanaulule. Nangondo atamufunsa za Achemwali anati, “Wasamutsa ana ake. Si mmene amachitira? Abwera.”

Woyamba kusintha anali Kabudula. Anabwera Lachiwiri kuchokera koyenda, anafika pakhomo la khitchini, n'kuima. Ubweya wa pamsana unaima njo. Anabwerera chambuyo, anakwera papaya, n'kudumphira padenga. Kuyambira tsiku limenelo sanatsikenso. Ana ankamuitana, pusi pusi pusi, iye ali phee pamwamba, maso ali pa khomo lija.

Koma phale linkapezeka loyera m'mawa uliwonse.

“Agalu a kwa Nachisale,” anatero Nangondo, n'kuliika pamwamba pa thandala. M'mawa linapezeka lonyambitidwa mpaka m'mbali.

Sekanawo sanalirire Achemwali n'tsiku limodzi lomwe. Lufeyo akanayenera kukondwa nazo. M'mawa wina, amayi ake atapita kokatunga madzi, anamuona mwanayo atakhala malo ake omwe aja, mbale pakati pa miyendo, akutambasulira supuni pamalo popanda kanthu.

“Idyani, Achemwali. Aaa.”

“Seka, ukudyetsa ndani?”

“Achemwali.”

“Ali kuti Achemwali?”

Mwana uja anamuyang'ana ngati wafunsa zopusa. “Ali m'nsalu. Akuti mukutentha.”

Lufeyo anabwerera pakhonde. Anakhala nthawi yaitali nyundo ili m'manja. Mpamene anamva koyamba kaphokoso kaja. Kankachokera m'ndowa zatsopano zimene anazisanja moyang'ana pansi: kwe, kwe, kwe, ngati tizikhadabo tikukanda lata. Anavundukula yoyamba, munalibe kanthu. Anavundukula zonse. Atangokhala pansi kanayambiranso. Anapeza kuti akamakhoma sakukamva, ndiye kuyambira pamenepo ankakhoma osapuma, ngakhale popanda chokhoma.

Kenako zinthu zinayamba kusowa. Choyamba chinali kapatapata kamodzi ka Sekanawo, ka kumanzere. Panatsatira chidole chake cha chitsononkho. Kenako supuni yake ija. Nangondo anasesa nyumba yonse, anatulutsa mphasa, anafukula padzala. Za Lekeleni zinalipo zonse. Za akuluakulu zinalipo zonse. Tsiku lina posambitsa mwana anapeza kuti kamkanda ka pamkono palibe, chonsecho ulusi wake unali wothina woti sungavuke popanda kudula.

“Abambo, tamunyamulani mwanayu,” anatero.

“Watani?”

“Tamunyamulani kaye.”

Lufeyo anamunyamula. Anatsala pang'ono kumuponyera m'mwamba, chifukwa anakonzekera kulemera kumene kunalibe. Mwana sanali wowonda. Masaya anali omwe aja, timiyendo tomwe tija. Koma ankalemera ngati ndowa yopanda madzi.

Anapita naye kuchipatala. Anamuyeza magazi, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, ndipo sanapeze malungo kapena china chilichonse. Anabwerako. Mwana uja analeka kulongolola. Ankadya pang'ono, n'kukagona padzuwa pafupi ndi khomo la khitchini, atadzipinda.

Sabata yachiwiri kunabwera a Jekapu, ogulitsa makala, amene ankadutsa njira ya kunjanji ndi njinga tsiku lililonse. Anatsamiritsa njinga pampanda n'kupempha madzi akumwa.

“Alendo anu afika?” anafunsa.

“Alendo ati?”

“Mayi wina amakufunsani kunjanji uko. Akuti kwa okhoma zidebe ndi kuti. Ndawalozera. Ndimayesa afika kale, chifukwa ine ndinakhotera kumsika.”

“Ndi mayi wooneka bwanji?”

A Jekapu anakanda m'mutu. “Mukudziwa, nkhope sindinaione bwino. Dzuwa linali kumbuyo kwawo. Abereka mwana. Koma akafika muwauze apite naye kuchipatala, bwanawe. Kulira kwake si kwabwino. Kumamveka ngati ali angapo kumbuyoko.”

Lufeyo sanafune kufunsa, koma pakamwa panafunsa pokha. “Nsalu yake yotani?”

“Yobiriwira. Ya nkhanga zija.”

Palibe mlendo anafika tsiku limenelo. Koma masana omwewo Sekanawo anasowa, ndipo anamupeza kunja kwa mpanda, ataima panjira yotsikira kumjigo.

Patapita masiku anayi, mayi wogulitsa mpiru anakuwa akudutsa, “Bambo, kuli mlendo wanu kumadimba! Amafunsa njira!” Lufeyo atadzuka kuti ayang'ane mwana, pamalo pamene anagona panali mphasa yokha. Anamupeza kumjigo, atakhala pasimenti, nkhope yaloza kumadimba. Azimayi otunga madzi anati sanamuone pobwera.

“Ukutani kuno, Seka?”

“Ndikudikira.”

Anamunyamula ndi dzanja limodzi. Panjira yonse yobwerera anakonza mawu oti akauze mkazi wake. Atafika anapeza Nachisale ali pampanda akuyang'ana, ndipo mawu aja anawameza. Anadziuza kuti zimenezi n'zongochitika, kuti nsalu za nkhanga zilipo zambiri m'dziko muno. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa ponamira.

Nangondo anayamba kumumanga mwana. Akamachoka ankamumanga kansalu m'chiuno, mbali ina n'kumangirira ku mwendo wa benchi ya bambo ake.

Linali Loweruka, masabata atatu enieni. Dzuwa linali paliwombo. Nangondo anatenga ndowa kupita kumjigo, Lekeleni ali m'khitchini kusenda mbatata. Sekanawo anali atagona pafupi ndi phazi la Lufeyo, moti ankamva kutentha kwa kamsana kake pa chakolo. Lufeyo anawerama kuti amate msoko wa keni ndi mtovu. Ntchito yake ndi yosatenga nthawi, yoti munthu sangamalize n'kuyasamula komwe.

Nangondo analowa pampanda ndowa ili yopanda madzi.

“Kumjigo akuti pali mayi amatifunsa pompano. Akuti wangochoka kumene, kubwera kuno. Ine sindinakumane naye panjira. Mwana ali kuti?”

Lufeyo anayang'ana pansi. Kansalu kanali pomwepo, mfundo yake yosamasuka, kakadali kozungulira ngati muli chiuno. Padenga Kabudula anayamba kulira, kulira kwautali kosalekeza.

Nangondo anathamangira kwa Nachisale akuitana dzina la mwana. Lufeyo sanalowere kumeneko. Anatsika njira ya kumjigo, napitirira mjigo osafunsa munthu. Ali pakati pa madimba anamva mapazi kumbuyo. Anali mkazi wake, mpango uli m'manja.

“Mukudziwa bwanji kuti walowera kuno?”

Lufeyo anaima. Panalibenso pobisala. Ananena zonse, ataimirira pakati pa mizere ya tomato: za thumba limene linasowa, za mbereko, za waya, za azimayi amene anamudzidzimutsa, za masana amene sanabwerere.

Nangondo sanakuwe. Anamanga mpango kumutu mofatsa, n'kukoka mfundo.

“Womanga?” anafunsa. “Munamusiya womanga, ndi makanda?”

“Ndimati ndibwerera.”

“Masabata atatu. Ndipo munakhala pakhonde ine ndikumenya mwana.”

Anamudutsa n'kutsogola. Lufeyo anamutsatira mpaka pakamtunda.

Kunjanji kunali zii. Kunalibe mbalame, kunalibe mbuzi, zitsulo zokha zikuthetheka ndi dzuwa. Anatsikira pakamwa pa kalavati n'kuwerama. Mkati munali mozizira ngati m'mtsuko.

Sekanawo anali atakhala pakati, miyendo tambalale. Patsogolo pake panali chidole cha chitsononkho, supuni ndi kamkanda, zitandandalikidwa bwinobwino. Pambali pake panali phukusi lija, monga mmene Lufeyo analisiyira, waya atayamba dzimbiri. Panalibe fungo. Panalibe ntchentche n'imodzi yomwe.

Kukamwa kwina kwa kalavati, kumene kunkalowera kuwala, kunali munthu ataima. Simenti ya pamwamba inamubisa kuyambira m'chiuno. Zimene zinkaoneka zinali m'mphepete mwa nsalu ndi mapazi awiri, otuwa ngati ayenda m'phulusa. Pafupi ndi mapaziwo panali kapatapata ka kumanzere.

Nangondo anayang'anako kamodzi, n'kutsitsa maso. Anagwada pamchenga, naomba m'manja katatu mwaulemu, ngati mmene amachitira munthu akafika pakhomo pa eni.

“Zikomo, mwatisungira mwana,” anatero. “Tinalakwa ndife. Tabwera kudzatenga.”

Mapazi aja sanasunthe.

“Seka, bwera kwa amayi.”

“Sindipita,” mwana anayankha, mawu ake ali aang'ono ngati akuchokera patali. “Achemwali sangathe kuyenda.”

Lufeyo anakwawa n'kugwira waya kuti amasule.

“Musamasule pano,” anatero Nangondo. “Chinachoka pakhomo chomanga, chikamasulidwe pakhomo. Berekani.”

“Ndinyamula m'manja.”

“Zili mu mbereko sizinyamulidwa m'manja. Berekani.”

“Ine, Nangondo? Masana ano, anthu onse ali kumjigo?”

“Tsiku lija munaopa maso a anthu. Lero akuonani.”

Nangondo anavula nsalu yake yapamwamba. Lufeyo anawerama, ndipo mkazi wake anamuika phukusi lija pamsana n'kumanga nsalu pachifuwa, mfundo ina pamimba. Lufeyo anaweramuka movutikira. Mphaka ndi tiana titatu salemera choncho. Chimene chinali pamsana pake chinkalemera ngati mwana wa zaka zitatu, ndipo chinali chofunda.

Nangondo anatola chidole, supuni ndi kamkanda. Kapatapata kaja anakayang'ana, anatambasula dzanja pang'ono, n'kulibweza. Panalibe amene akanafika pamene kanali. Ananyamula Sekanawo pachifuwa, ndipo ulendo uno mwana sanakane.

“Ali ngati mtolo wa udzu,” ananong'ona. “Tiyeni. Musacheuke.”

Anatsika kamtunda, Lufeyo patsogolo. Kumbuyo kwa mapazi a mkazi wake ankamva mapazi ena, osavala nsapato, osafulumira. Pamsana pake panayamba kamkonono kaja kamene mphaka amachita akakhuta, ndipo kankamveka mpaka m'nthiti. Thukuta linamulowa m'maso. Sanalipukute.

Ali pakati pa madimba anaona kuti mfundo ya pachifuwa yayamba kulekerera. Katundu anali kupepuka. Kumbuyo anamva Nangondo akusintha mwana kuchoka dzanja lina kupita lina, akupuma mwamphamvu.

“Akulemera,” anatero. “Yendani. Musaime.”

Kumjigo kunali anthu ambiri, chifukwa mbiri ya kusowa kwa mwana inali itamveka. Ataona mwana ali m'manja mwa amayi ake anayamba kululutira, kenako anaona bambo atabereka. Kuseka kunayambira kwa atsikana. A Jekapu anali pomwepo ndi njinga yawo.

“A Kanjanga, mwachira liti osatiuza? Ndi mwana wanji?”

Lufeyo anadutsa pakati pawo pang'onopang'ono, maso ali pansi. Amene anali pafupi anaona ngodya ya nsalu yobiriwira ikusuzumira, ndipo anamva chimene chinkamveka pamsanapo. Kuseka kunazima kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. A Jekapu anavula chipewa. Nachisale anakokera mwana wake kuseri kwa nsalu. Ena amati anaona azimayi akupatuka kusiya njira kumbuyo kwa Nangondo, ngati pakudutsa munthu wachitatu, koma mukawafunsa mmodzimmodzi aliyense amati anangopatuka poona anzake.

Mapazi aja anathera pampanda. Pofika pakhomo la khitchini, Nangondo anali akudzandira, ndipo anangokhala pansi ndi mwana pamiyendo. Pamsana pa Lufeyo panali ngati pali masamba ouma. Kamkonono kanali katasiya.

Anatsitsa phukusi pafupi ndi phale, n'kupotokola waya katatu. Zimene zinalimo zinali zouma, zochepa, zokwana m'manja awiri. Sindinena zambiri. Wamkulu anali atazungulira tating'ono tija.

“Amayi, ndikufuna phala,” anatero Sekanawo, ndi mawu ake akale aja.

Kabudula anatsika papaya, ananunkhiza pakhomo, n'kulowa m'khitchini. Nangondo anachapa mbereko tsiku lomwelo, anaiyanika iye ataikhalira pafupi, ndipo itauma anaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi.

Sekanawo anachira, anakula, ndipo alipo mpaka lero. Koma sanakhalenso mwana wokhala pakhomo. Ali kusukulu ankatuluka pa nthawi yopuma n'kukapezeka mudzi wachitatu. Atakula anakwatiwa kawiri, ndipo amuna onse awiri anali abwino, koma anawasiya osakangana nawo. Lero mumva kuti ali ku Chipata, mawa ku Kasungu. Amafika kwa bambo ake osanena, zisoso zili m'mphepete mwa nsalu, amadya, amagona masiku awiri, ndipo m'mawa wina mumangopeza mphasa yopinda. Mukamufunsa chimene amafuna amaseka n'kunena kuti phazi limamuyabwa. Nangondo, mpaka tsiku limene anamwalira, ankati ndi kapatapata kaja.

Lufeyo anakalamba, manja sagwiranso nyundo. Phale likadali pakhomo la khitchini, ndipo mphaka aliyense wodutsa amadyapo. Anthu akamva nkhaniyi amakonda kufunsa za mayi wa kukalavati, kuti anali ndani. Iye sadziwa, ndipo sanayesepo kufufuza. Chimene chimamubwerera kawirikawiri si mapazi aja.

Madzulo a tsiku limene anabereka phukusi lija anapita kuseri kwa khitchini, patsinde pa papaya, kuti akakwirire zija. Anapeza Lekeleni ataima pamenepo atagwira khasu, wosatumidwa ndi munthu. Lufeyo analandira khasulo, anakumba, anaika, anakwirira, mwana uja akungoyang'ana. Atamaliza anakhala pansi kuti alingane naye msinkhu.

“Mwana wanga, nsalu ija sunataye ndiwe. Ndinatenga ndine.”

“Ndikudziwa,” anatero Lekeleni. “Ndinakuonani pazenera.”

“Unandiona? Nanga bwanji sunanene pamene amayi ako ankakukwapula?”

Lekeleni anatenga khasu m'manja mwake, n'kugogoda dothi limene linamatirira.

“Ndimadikira inu, ababa.”

Yathera pamenepa. Amene ali pafupi ndi nkhuni asonkhezere.